Dirilo ya ku Phanga Inakwatiwa ku Kabwata

Chelstone, Lusaka
9 Julaye 2007

Alongo anga a Petronella,

Muli bwanji ku Luton kumeneko, ndi odwala anu osathawo? Kuno tilipo. Amake Towela akadali pa msika ndi salaula wawo, zovala za kaunjika zija, ine ndikadali pakhonde kuwerenga maminibasi. Musadabwe kuti ndikulembabe makalata anzanga onse ali ndi mafoni. Pa foni ndimangomva ngati mukulankhulira m'chidebe. Zaka makumi awiri ndi zitatu za mumgodi zinandisiyira makutu ongokongoletsa mutu.

Za ukwati wa mwana wathu Towela mukuzidziwa kale. Nkhani yanga ndi ina, ndipo musauze munthu, ngakhale Towelayo. Ntchito zitatu zapitazi ndinazilengeza msanga, n'kutsala ndi manyazi okhaokha.

Morris Kabamba mukumukumbukira, uja anali kapitawo wathu pansi? Wapeza ntchito kwa mwini famu wina kupitirira Chongwe. Pa famupo pali phanga lalikulu la mwala wa laimu, ndipo mwiniwake akufuna alendo azilipira kuti akaone mileme. Dziko lasinthadi, mileme nayo yalowa bizinesi. Pakufunika munthu wotsika pa chingwe, kubowola khoma la phangalo n'kukhomamo mabauti omangapo zingwe ndi makwerero. Morris akuti munthuyo ndine. Koma masiku ano ntchito sibwera ndi zida ngati kale, aliyense amabwera ndi zake. Ayamba pa 15 Okutobala kuti amalize mvula isanadzaze phangalo, ndipo wandiuza mosabisa kuti ndikapanda dirilo atenga wina.

Ndiye alongo, ndigulireni dirilo, makina obowolera mwala aja. Apa werengani modekha.

Ikhale ya batire, yopanda chingwe cha magetsi, popeza mileme sinakokebe magetsi m'nyumba mwake. Ikhale ndi nyundo yeniyeni mkati, yomenya mwala yokha, osati zija zongonjenjemera zopachikira kalendala. Msomali wake wobowolera ukhale wongolowetsa n'kugwira wokha, osati womanga ndi kiyi, chifukwa kiyi ikakupulumuka uli lende pa chingwe udzaipeza tsiku la chiweruzo. Mabatire akhale awiri. Misomali isanu, ya mamilimita khumi. Kuno ndayenda kuyambira Cairo Road mpaka ku Kamwala, ndipo zimene andionetsa sizingabowole ngakhale buledi wa dzana.

Zaka zisanu ndi ziwiri zapita chigulitsireni mgodi. Ndatopa kumangolandira mbale kwa mkazi amene watha tsiku lonse padzuwa. Ntchito iyi isandiphonye.

Ndine mlongo wanu,
Phineas

Luton
24 Julaye 2007

Phineas,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndathokoza kuti pa masamba atatu onse moni wanga unapezako mzere umodzi. Ndili bwino, poti wafunsitsa chonchi. Miyendo ndiyo ikutupa, koma miyendo ilibe mabatire, ndiye sindikutayitsa nayo nthawi.

Lachiwiri linali tsiku langa lopuma. Anzanga anagona, ine ndinakwera mabasi awiri mumvula kupita ku sitolo ya zida, kalata yako ili m'manja ngati ndikukawerenga mawu kutchalitchi. Bambo wogulitsa, wa ndevu mpaka pachifuwa, anandifunsa kuti ndikufuna kupachika chiyani. Ndinati mlongo wanga, wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Sanaseke. Anthu a kuno saseka asanapatsidwe chilolezo.

Zogwirizana ndi malamulo ako a Mose aja zilipo ziwiri. Yaikulu ndi ya mavoliti 36, yolemera makilo anayi ndi theka. Mwana wolemera choncho ife kuchipatala timamutulutsa ndi mpeni. Akuti batire lake limodzi limabowola mabowo ambiri osatopa. Yaing'ono ndi ya makilo awiri ndi theka, koma batire lake limatha msanga. Anandifunsanso kuti ubowola mabowo angati patsiku, komanso ngati m'phangamo muli madzi. Ndinamuyankha kuti kwathu mwamuna sauza mkazi zinthu zothandiza.

Sankha msanga. Mai Lukonde, mnzanga wa kuntchito, akubwera ku kitcheni pati ya Towela, phwando la amayi lopatsira mkwatibwi mphatso lija, pa 25 Ogasiti, ndipo ndiwo anganyamule.

Kunena zoona ndili ndi mantha. Mgodi unakulavula uli wamoyo, iwe ukufunanso dzenje lina. Koma ndikudziwa kuti pakhondepo ukufanso pang'onopang'ono, ndiye ndikugulira.

Mlongo wako,
Petronella

Chelstone
6 Ogasiti 2007

Alongo anga,

Miyendo ili bwanji? Onani, ndayambira pomwepo, musadzanenenso.

Gulani yaing'onoyo. Wandevuyo sanabowolepo ali m'malere. Pa chingwe dzanja limodzi limagwira khoma, linalo limanyamula dirilo pamwamba pa mutu, fumbi likugwera m'maso. Yaikuluyo batire lake lingapirire mpaka madzulo, koma phewa langa lingathe tiyi asanapse. Mwala wa laimu ndi wofewa, sufuna ukali. Batire limodzi likandipatsa mabowo khumi ndi awiri, mabatire awiri andikwanira tsiku lonse, ndipo ndizikawatchaja kunyumba ya pa famu. Za madzi ndi matope musade nazo nkhawa, ndayamba kale kuisokera chovala cha chubu cha galimoto.

Ndajambula chithunzi chake pa katoni kuti Amake Towela adziwe chimene tikudikira. Akuti chikuoneka ngati nkhuku yodula mutu.

Phineas

Luton
20 Ogasiti 2007

Phineas,

Ndagula yaing'onoyo, m'kabokosi ka buluu, pamodzi ndi mabatire ako awiri ndi misomali yako isanu. Ndaikulunga m'pepala lonyezimira lofanana ndi la mapoto a Towela, kuti pa bwalo la ndege aone kuti zonse ndi mphatso za ukwati asawavutitse Mai Lukonde ndi mafunso. Zamkati sindinawauze, poti unati ndi chinsinsi cha boma. Ndangowauza kuti phukusi laling'onolo akapereke kwa iwe m'manja. Ukalandira undilembere, ngakhale mzere umodzi uja.

Petronella

Chelstone
28 Ogasiti 2007

Alongo anga,

Ndikhulupirira muli bwino. Khalani pansi kaye.

Dirilo yafika mu Zambia ili bwinobwino. Anthu oposa mazana awiri aiona, aiimbira nthungululu, ena mpaka aivinira. Amene sanaione ndine ndekha.

Ine kunalibe, poti ku kitcheni pati mwamuna saponda. Ndikukuuzani zimene andiuza Amake Towela. Ndege ya Mai Lukonde inachedwa, ndiye anachoka pa bwalo la ndege molunjika ku Woodlands kumene kunali mwambowo. Pa geti amayi olandira alendo anawalanda mapukusi onse awiri, monga amachitira, n'kukawaika pa tebulo la mphatso. Alangizi atamva kuti pali katundu wa azakhali a ku Ulaya anati ayambire yemweyo. Mai Lukonde akuti anayesa kunong'oneza kuti laling'onolo si la pano, koma ng'oma zinali zitayamba kale.

Mapoto anatsegulidwa, anthu anaombera m'manja mwaulemu. Kenako kabokosi ka buluu. Mukudziwa kuti wopereka mphatso amagwada n'kufotokozera mkwatibwi ntchito yake. Mnzanuyo anagwada, nayang'ana chinthu chimene sanachionepo chibadwire, n'kunena kuti, "Mwanawe, ichi ndi cha ku Ulaya. Chimagwira ntchito zambiri." Nzeru za unamwino zimenezo. Mlangizi wina anachinyamula, chala chake n'kukanikiza posayenera, dirilo n'kulira. Bwalo lonse linaimirira. Amake mkwati Killian, apongozi athu, anailanda n'kuvina nayo kuzungulira bwalo, akufuula m'Chibemba kuti mwana wawo wakwatira ku banja lomanga nyumba.

Amake Towela anaizindikira nthawi yomweyo, nkhuku yodula mutu ija. Koma make wa mkwatibwi amakhala pa mphasa, maso pansi. Akanaimirira n'kunena kuti bwezani, chimenecho n'cha amuna anga? Pamaso pa akuchimuna onse?

Ndiye dirilo yanga yakwatiwa, alongo. Yapita ndi katundu wa Towela ku mafulati a ku Kabwata. Zikomo chifukwa cha pepala lonyezimira lija, pa bwalo la ndege sanavute ngakhale pang'ono.

Musachite kanthu. Ndiikonza mwa dongosolo lake ukwati ukadutsa.

Phineas

Kabwata
10 Seputembala 2007

Ba Anti,

Muli shani? Ise tili bwino maningi, ukwati unayenda mushe, mafoto nizatuma. Nalemba kuti nikuyamikeni pa mapoto, koma maka maka pa mashini ija. Anti, mwanipasa ulemu ku banja ya ba Killian. Bamake akali kuuza aliyense ku chechi kwawo.

Ba Killian ndiye osakamba. Akabwela ku nchito savula na tayi, atenga chabe mashini. Apachika mafoto ya ukwati, makatani, wochi, galasi, na mashelufu yatatu yamene tilibe vinthu voikapo. Nawelenga mabowo 31. Ba neba a pamwamba anabwela kudandaula chongo, ati phokoso lanyanya, manje nawo abweleka pa Sondo.

Koma ba tate sinibamvetsa. Pa ukwati anali zii, ndipo nikakamba za nyumba yathu ayangana kumbali. Ba mayo akuti ni kuniyewa chabe poti nachoka pa nyumba. Muwalembeleko, imwe amakumvelani.

Mwana wanu,
Towela

Luton
13 Seputembala 2007

Phineas,

Moni, ngati ukufunikabe.

Ndawerenga kalata yako katatu, kufunafuna pamene wanena kuti wapita kukaitenga. Kuchoka ku Chelstone kufika ku Kabwata ndi maminibasi awiri. Ine ndinakwera mabasi awiri mumvula chifukwa cha chinthu chomwechi, ndipo sindinafe. Mwana ndi wako, unamusintha matewera ndiwe. Gogoda, unene kuti pepani ana anga, panachitika cholakwika, bokosi ilo ndi langa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Za pepala lonyezimira ndavomera, ndinalakwa. Koma chinsinsi unachiyambitsa ndiwe. Ukanandilola kulemba pabokosipo kuti muli chiyani, bwenzi pano ukusautsa mileme.

Kwatsala mwezi umodzi. Dongosolo lakolo lifulumire.

Petronella

Chelstone
27 Seputembala 2007

Alongo anga,

Tili moyo. Zaka zisanu ndi chimodzi ku Ulaya zakuiwalitsani zambiri. Ine ndikagogode pa khomo la mkamwini, ukwati usanathe ndi mwezi womwe, kukalanda mphatso imene amake anavina nayo pagulu? Mawa lake Kabwata yense adzamva kuti kwa Towela amapereka ndi dzanja lamanja n'kulanda ndi lamanzere. Ine ndidzakhala m'phanga osamva kanthu, koma mwanayo ndiye adzakhala nawo anthuwo moyo wake wonse.

Ndinachita zoyenera. Ndinaitana a Chomba, nkhoswe ya akuchimuna, amene iwo amati shibukombe. Mawu a mpongozi kwa mkamwini amadzera mwa iwowo. Anabwera patapita masiku asanu ndi atatu, poti anali ku maliro ku Mansa. Ndinawaphera nkhuku. Ndinayamba ndi za mvula, kenako za mgodi, kenako ndinati ndili ndi kantchito kobowola kamene kakufuna makina onga aja ali kwa ana. A Chomba anagwedeza mutu nati, "Ba tata, mwamveka. Musapitirize, mungadzichepetse." Ndinati koma ndiye nkhoswe yanzeru iyi.

Loweruka m'mawa ndinangoona Killian ali pa geti, atavala ovololo yatsopano yokhala ndi mizere ya m'sitolo, kabokosi ka buluu kali m'manja. Anagwada patali, naomba m'manja, n'kuuza Amake Towela kuti wamva kuti atate ali ndi zobowola, ndipo sizingatheke kuti munthu wamkulu agwire ntchito yotere mkamwini alipo. Anafunsa kuti ayambire pati.

Ndikanati chiyani? Ndinaloza khoma la pabalaza.

Alongo, ndinakhala pa mpando maola awiri kuonerera munthu wogulitsa inshuwalansi akubowola nyumba ya atate athu. Amaigwira ngati akuthira mafuta m'galimoto. Amaikankha ndi mimba, pamene makina aja amafuna kungowatsogolera. Msomali unafiira ndi kutentha. Kumulangiza sindikanatha, poti mpongozi sayima pa phewa la mkamwini. Atamaliza anaipukuta bwinobwino, naibweza m'bokosi, nagwadanso, n'kupita nayo. Tsopano tili ndi mabowo asanu ndi anayi pabalaza, ndipo Amake Towela akusakasaka makalendala.

Morris anadutsa dzulo kudzafunsa. Ndinamuuza kuti dirilo ilipo, ili kwa achibale. Sindinaname.

Ndiitananso a Chomba. Inu musaimbire foni munthu aliyense, ndapota nanu.

Phineas

Luton
6 Okutobala 2007

Phineas,

Ndaimba. Ukalipe, ulendo uno makutu ako akuthandiza ine.

Ndamuuza Towela zonse, za Morris, za phanga, za pa 15. Analira, akuti bwanji simunanene. Ndinamuyankha kuti akafunse atate ake ndi nkhuku yawo ija. Wati auza mwamuna wake madzulo omwewo, ndipo zikonzedwa tsikulo lisanafike. Waona? Mphindi zisanu zokha, popanda kupha chiweto chilichonse.

Ukatsika m'dzenjemo umange chingwe kawiri.

Petronella

Chelstone
16 Okutobala 2007

Alongo anga a Petronella,

Ndikhulupirira miyendo yachepako kutupa. Kalata yanu yafika Lachisanu. Mphindi zanu zisanu zija zinabala zipatso, imvani.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi kunabwera galimoto. Munali a Chomba, Killian, amalume ake awiri ndi Towela. Anatsitsa bokosi lalikulu, amuna awiri kuligwirizana. Onse anakhala pansi, a Chomba n'kuyamba kulankhula. Akuti mkamwini wathu sanagone chimvereni nkhaniyi, manyazi amugwira kuti wakhala akuseweretsa chida cha apongozi ake. Akuti kubweza chinthu chogwiritsidwa kale ntchito kwa mpongozi ndi chipongwe, komanso mphatso ya pa kitcheni pati situluka m'nyumba, ingatuluke ndi mwayi wa banja. Ndiye mwanayo anapita m'tauni n'kuuza wogulitsa kuti akufuna dirilo yamphamvu kuposa zonse, ya munthu wa mumgodi weniweni. Wogulitsayo anamuuza kuti za mabatire n'za akazi.

Anatsegula. Makilo asanu ndi atatu, yofiira, yonyezimira. Chingwe chake cha magetsi ndi mamita anayi. Kuchoka pa soketi ya pa famu kufika pakamwa pa phanga ndi makilomita awiri.

Ndinailandira ndi manja awiri. Ndinathokoza, ndinatinso Mulungu awonjezere pamene pachoka. Killian anasangalala mpaka misozi, ndipo ndikuuzeni, mwanayo ndi wabwino mtima. Towela yekha ndiye anandiyang'ana kumaso, kenako anayang'ana chingwecho, n'kudzuka kupita kukhitchini.

Dzulo m'mawa, tsiku lonyamuka, ndinamva kugogoda kusanayere bwino. Towela. Anakwera minibasi yoyamba, kabokosi ka buluu atakakulunga m'chitenje. Anati, "Tengani atate, mabatire onse ndatchaja. A Morris sananyamuke." Ndinamufunsa ngati mwamuna wake akudziwa. Anati akugona. Ndinafunsa za apongozi ake, amene akucheza kwawoko sabata ino. Anangondikankhira kabokosiko m'manja.

Ndinaitulutsa m'bokosi, alongo. Munasankha bwino. Ndi yopepuka, imakhala m'dzanja ngati inabadwira momwemo. Ndinaikweza pamwamba pa mutu ndi dzanja limodzi, phewa silinadandaule. Ndikanatha nayo phanga lonse lija m'masabata atatu.

Kenako ndinaibweza m'bokosi, ndinaikulunganso m'chitenje chake, n'kumuperekeza mwanayo pokwerera minibasi kuti akafike anthu asanadzuke. Mkazi wa masabata asanu ndi limodzi m'banja, kutulutsa katundu m'nyumba mobisa kupita naye kwa atate ake, tsiku lotsatira mwamuna wake atagwada pamaso pa amalume ake? Dzina limene akanamupatsa silikanachoka ngakhale atabereka ana khumi. Analira njira yonse, akuti ndine wouma mutu. Ndinati ndi za kumtundu, akafunse azakhali ake.

Morris anafika 6 koloko. Ndinamuonetsa yofiira ija, anaseka mpaka kutsamira galimoto, kenako anasiya kuseka. Watenga munthu wina wa ku Chilenje amene ali ndi yake, anali kale m'galimotomo. Ndinamuuza munthuyo kuti asanabowole azigogoda mwala ndi nyundo, pamene pakulira ngati ng'oma asakhomepo bauti. Anati akudziwa. Mwina akudziwadi.

Musamukalipire Towela, ndipo Killian asadzamve kuti mphatso yake inalakwika. Mukafuna wokalipira, adiresi yanga mukuidziwa.

Koma zandiwawa, alongo, sindikubisirani. Sindinkafuna zambiri. Ndinkangofuna tsiku limodzi ndidzalowe pa geti madzulo nditatopa, matope ali m'tsitsi, Amake Towela adzandifunse kuti kuntchito kunali bwanji.

Ndine mlongo wanu,
Phineas